Kumene Zilembo Zathu Zinacokera

Greece ndi dziko la ku Ulaya. Lili kum'mwera cakum'mawa, m'mphepete mwa nyanja ya mcere yochedwa Mediterranean. Ndi dziko laling'ono ndithu, moti likhoza kulowa mu Mozambique kasanu n'kamodzi. Mbali yaikulu ndi mapiri ndi miyala, ndipo minda yabwino ndi yocepa. Koma lili ndi zilumba zikwi zingapo, ndipo pa zilumba pafupifupi 200 pamakhala anthu. Eni dziko amachedwa Agiriki, cinenero cawo ndi Cigiriki. Likulu lawo ndi Athens, mzinda umene m'Baibulo umachedwa Atene.

Caka ndi caka, alendo ambiri amapita kukaona dzikoli. Mu 2023 anapitirira 30 miliyoni, pamene eni dziko angopitirira pang'ono 10 miliyoni. Ena mwa alendowa amakwera sitima zazikulu zapamadzi zokhala ndi zipinda zogonamo. Usiku sitima imayenda, m'mawa imaima pa cilumba cina. Padoko amalandiridwa ndi woperekeza alendo, munthu amene anaphunzira mbiri ya dziko lake ndipo ali ndi cilolezo ca boma. Iyeyu amawatsogolera m'mabwinja ndi kuwafotokozera zimene akuona.

Kodi ife alimi ndi asodzi a kuno zimenezi zitikhudza bwanji? Zitikhudza cifukwa zilembo zimene tikuphunzira m'buku lino zinadzera ku zilumba zimenezo. Agiriki anadziwa kulemba, kenaka anaiwala kwa zaka mazana anayi, kenaka anaphunziranso. Tiyeni titsate njira imene alendo amayenda, tione m'mene zinacitikira.

Tisananyamuke, tidziwe kawerengedwe ka zaka zamakedzana. Zaka za Kristu asanabadwe timaziwerenga cobwerera m'mbuyo, ndipo timalemba B.C. patsogolo pake. Conco 1600 B.C. ndi kale kwambiri kuposa 500 B.C.

Mudzi wokwiririka ndi phulusa

Sitima imanyamuka pa Piraeus, doko la mzinda wa Athens, n'kulowera kum'mwera pa nyanja ya Aegean. Cilumba coyamba ndi Santorini, cimene akale ankacichula kuti Thera. Sitima imalowa pakati pa maphompho akuda ndi ofiira, otalika mamita pafupifupi 300. Pamwamba pake pali nyumba zoyera. Apa woperekeza alendo amawauza kuti madzi amene sitima yaimapo ndi pakamwa pa phiri lophulika moto. Ca m'ma 1600 B.C. phirilo linaphulika, pakati pa cilumba panatitimira, nyanja n'kulowamo.

Kum'mwera kwa cilumbaci kuli malo ochedwa Akrotiri. Mu 1967 Mgiriki wina wofufuza zakale, Spyridon Marinatos, anayamba kukumba pamenepo. Pansi pa phulusa anapeza mudzi wathunthu. Anapeza misewu, nyumba zosanja kawiri ndi katatu, ngalande zotayira madzi oipa, ndi mitsuko ikuluikulu yosungiramo cakudya. Pa makoma panali zithunzi zopenta: mnyamata atanyamula nsomba zotunga pacingwe, ngalawa zambiri zikuyenda pakati pa madoko, akazi akuthyola maluwa. Mitembo ya anthu sinapezeke m'mudzimo. Zikuoneka kuti zivomezi zinawacenjeza, iwo n'kutenga cuma cawo n'kuthawa phiri lisanaphulike.

Lero malowa anawafolera ndi denga lalikulu, ndipo alendo amayenda pa timilatho n'kumasuzumira m'nyumbazo. Amaona pamene anthu ankaphikira ndi pamene ankagona. Koma akafunsa dzina la mwini nyumba, palibe angawayankhe. Zolemba zocepa zimene zinapezeka pamenepo zili m'kalembedwe kochedwa Linear A, ndipo mpaka lero palibe munthu watha kukawerenga.

Alembi a mfumu

Kucokera pa Santorini sitima imapitirira kum'mwera mpaka ku Crete, cilumba cacikulu koposa zonse za Greece. Imaima padoko la Heraklion. Makilomita 5 kucokera pamenepo pali bwinja la Knossos, nyumba yacifumu ya zipinda mazanamazana. Woyamba kukumba pamenepa anali mwana wa pacilumba pomwepo, Minos Kalokairinos, mu 1878. Mu 1900 Mngelezi wina, Arthur Evans, anayamba nchito yaikulu yofukula nyumba yonse. Mizati yofiira imene alendo amakonda kujambula anaimanganso ndi Evans pogwiritsa nchito simenti, ndipo woperekeza alendo woona mtima amanena zimenezi poyera.

Cinthu cofunika kwa ife ndi cacing'ono kuposa mizatiyo. Evans anapeza timapale ta dongo zikwi zingapo, tambiri tokwana m'dzanja, tolembedwa ndi kamtengo kosongoka dongo likadali lofewa. Alembi ankangotiumika osatiwocha. Koma nyumba itapsa, moto unatiwocha monga m'mene mayi amawochera mbiya, ndipo n'cifukwa cake sitinasungunuke. Kalembedwe kake Evans anakacha Linear B. Anamwalira mu 1941 asanathe kukawerenga.

Mu 1939 timapale tina totere tinapezeka ku Pylos, kumtunda kwa Greece. Mphunzitsi wina wamkazi wa ku America, Alice Kober, anatha zaka zambiri akufananiza zizindikirozo cimodzicimodzi pa timakadi todula yekha. Anamwalira mu 1950 nchito ili pakati. Mu 1952 Michael Ventris, Mngelezi amene nchito yake inali yolemba mapulani a nyumba, anamasula mfundoyo. Anapeza kuti cinenero ca pa timapale ndi Cigiriki cakale kwambiri.

Kodi munalembedwa ciyani? Anthu ankayembekeza nyimbo ndi nkhani za mafumu. Anapezamo kaundula wa katundu. Nkhosa zakuti, mbusa wake uje, zoperewera zakuti. Ubweya wakuti, mafuta a azitona akuti, mkuwa wakuti woperekedwa kwa osula. Timapale ta ku Knossos timawerenga nkhosa pafupifupi 100,000. Ta ku Pylos timachula magulu a akazi anchito pamodzi ndi ana awo, ndi muyeso wa tirigu ndi nkhuyu umene ankalandira pamwezi. Mbusa ndi mayi wopota ubweya analembedwa m'kaundula, koma iwo eni sankatha kuona zimene zalembedwa za iwo.

Kalembedwe ka Linear B kanali kovuta. Phatikizo lililonse linali ndi cizindikiro cake. Ife tikadziwa k ndi zilembo zisanu za liwu, timalemba tokha ka, ke, ki, ko, ku. Iwo ankaloweza zizindikiro zisanu zosiyana, ndipo zonse pamodzi zinali pafupifupi 90, kuwonjezapo zina zoposa 100 zoimira zinthu monga nkhosa, tirigu ndi magaleta. Akatswiri atayerekeza kalembedwe ka dzanja pa timapale ta ku Pylos, anapeza kuti olemba anali pafupifupi 30 okha. Onsewo ankagwira nchito ya mfumu.

Ca m'ma 1200 B.C. nyumba zacifumu za ku Greece zinapsa ndi kugwa, ina pambuyo pa inzake. Akatswiri amachula nkhondo, zivomezi, cilala ndi kuwukira kwa anthu. Mafumu atatha, panalibenso wofuna kaundula. Alembi atamwalira, nzeru yawo inapita nawo kumanda. Kwa zaka pafupifupi 400 ku Greece kunalibe wolemba kapena wowerenga.

Sitinganene kuti anthuwo anasanduka zitsiru. Ankalima, ankasula zitsulo, ankayenda panyanja. Mbiri yawo ankaisunga pakamwa, m'nyimbo za alakatuli, monga m'mene makolo athu anasungira mbiri ya mafuko ndi misamuko yawo. Ndakatulo ziwiri zazitali za Homer, Iliad ndi Odyssey, zinakulira m'mwambo umenewu. Komabe adzukulu ankadutsa pa mabwinja a makolo awo osadziwa kuti makolowo ankalemba. Nzeru yokhala m'manja mwa anthu 30 imatha pamodzi ndi anthu 30 omwewo.

Zilembo zobwereka

Kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, kumene lero kuli dziko la Lebanon, kunali mtundu wa amalinyero ndi amalonda ochedwa Afoinike. Ngalawa zawo zinkafika pa zilumba za Agiriki ndi nsalu ndi ziwiya. Anthuwa anali ndi zilembo 22 zokha. Ca m'ma 800 B.C. kapena pambuyo pake pang'ono, Agiriki anaziona n'kuziphunzira. Sanacite manyazi kuphunzira kwa mlendo. Paja safunsa anadya phula. Wolemba mbiri wawo Herodotus anavomera yekha kuti zilembo za Agiriki zinacokera kwa Afoinike.

Koma panali vuto. Afoinike sankalemba zilembo za liwu. Tiyerekeze m'Cinyanja. Munthu atalemba mdz, kodi akunena madzi kapena mudzi? Atalemba mt, kodi ndi mutu kapena moto? Agiriki anaona kuti zilembo zina za Afoinike zinkaimira mawu akummero amene m'Cigiriki munalibe. Anatenga zilembo zotsalazo n'kuzipatsa nchito yatsopano yoimira liwu. Apa ndi pamene panacokera a, e, i, o, u, zilembo zimene tinayamba nazo tsiku loyamba la maphunziro athu.

Cilembo coyamba ca Afoinike cinali alef, kutanthauza ng'ombe. Lembani A wamkulu, mutembenuze pepala mutu pansi, muona nkhope ya ng'ombe ndi nyanga ziwiri. Caciwiri cinali bet, kutanthauza nyumba. Agiriki anazichula alfa ndi beta. Mawu a Cipwitikizi akuti alfabeto ndi mayina awiriwa ataphatikizidwa.

Zilembo zosakwana 30 munthu akhoza kuziphunzira m'miyezi yocepa, ngakhale ali ndi munda wolima. N'cifukwa cake zolemba zoyamba za kalembedwe katsopanoka ndi za anthu wamba. M'nyumba yaikulu yosungiramo zakale ku Athens muli mtsuko wa vinyo wa ca m'ma 740 B.C. Pa mtsukowo wina anakanda mawu onena kuti ndi mphoto ya wovina bwino koposa. Ena ankalemba mayina awo pa zikho zomwera. Ca m'ma 590 B.C. asilikali aganyu acigiriki anafika ku Abu Simbel, kum'mwera kwa Egypt, n'kukanda mayina awo pa mwendo wa fano lalikulu la mfumu Ramesses II. Mayinawo akuwerengeka mpaka lero.

Agiriki ena anakamanga midzi ku Italy. Anthu a kumeneko ochedwa Aetrusika anatengera zilembozo, ndipo Aroma anatengera kwa Aetrusika n'kumalembera Cilatini. Zilembo za Aroma ndi zimene Apwitikizi ndi amishoni anabwera nazo kuno. Tikabwerera m'mbuyo, zilembo za Afoinike nazo zinaphuka pa zizindikiro za ku Egypt, mu Afrika muno, kumene anthu ankalemba zaka zoposa 2,000 Agiriki asanadziwe alfa ndi beta. Zilembo za Ciarabu, zimene anthu a kugombe la kumpoto kwa Mozambique ankalembera makalata kuyambira kale, zinacokera ku muzu womwewo. Atsamunda ankatiuza kuti kulemba ndi kwa azungu. Mbiri ikuonetsa kuti zilembo zayenda m'manja mwa mitundu yambiri, ndipo mtundu uliwonse unazikonza kuti zigwirizane ndi lilime lake.

Malamulo pa khoma

Alendo asanacoke pa Crete, ena amakwera basi kupita kum'mwera kwa cilumba, ku cigwa ca minda cochedwa Messara. Kumeneko kuli bwinja la mzinda wa Gortyn. Mu 1884 Mtaliyana wina, Federico Halbherr, anaona miyala yolembedwa mu ngalande ya cigayo coyendera madzi. Atakumba anapeza khoma lonse lodzaza ndi malamulo a mzindawo, olembedwa ca m'ma 450 B.C. Mizere yake ndi pafupifupi 600, yogawidwa m'zigawo 12.

Kalembedwe kake mlimi aliyense akhoza kukamvetsa. Mzere woyamba umacokera kumanja kupita kumanzere. Waciwiri umabwerera kucokera kumanzere kupita kumanja. Wacitatu umatembenukanso. Agiriki ankati kumeneku ndi kulemba monga m'mene ng'ombe imakhotera polima.

Malamulowo amanena za ukwati, cuma ca masiye, ngongole ndi akapolo. Bambo akamwalira, mwana wamwamuna ankalandira magawo awiri a cuma, wamkazi gawo limodzi. Ukwati ukatha, mkazi ankatenga katundu amene anabwera naye, theka la zokolola za katunduyo, ndi theka la nsalu zimene analuka. Colakwa cimodzimodzi cinali ndi cindapusa cacikulu cikacitikira mfulu, cacing'ono cikacitikira kapolo.

Malamulowa sanali olungama onse. Koma anali pabwalo, pamene aliyense amadutsa. Woweruza sakanatha kusintha lamulo usiku kuti akondweretse mbale wake, cifukwa mwala unali pomwepo. Mkazi wosudzulidwa wodziwa kuwerenga akanatha kuloza ndi cala mzere wonena za nsalu zake. Wosadziwa ankadalira cilungamo ca womuwerengera.

Cilumba ca msonkho ndi akapolo

Sitima imatembenukira kumpoto n'kukaima pa Mykonos. Pamenepo alendo amakwera boti laling'ono kwa theka la ola kupita ku Delos. Delos ndi kacilumba kouma, ndipo alendo saloledwa kugonako. Kale kanali malo opatulika a mulungu wawo Apollo, moti kuyambira mu 426 B.C. munthu sankaloledwa kubadwira kapena kufera pamenepo. Wodwala kwambiri ndi mayi woyembekezera ankawaolotsera ku cilumba coyandikana. Akatswiri a ku France akhala akukumba pa Delos kuyambira m'zaka za m'ma 1870. Alendo amaona akacisi, mikango yosema pamwala, misika, ndi nyumba za anthu olemera.

Mu 478 B.C., Agiriki atathamangitsa gulu lankhondo la Aperezi, mizinda ndi zilumba zambiri zinapangana kuti zizitetezana. Aliyense ankapereka ngalawa kapena ndalama, ndipo thumba linkasungidwa pa Delos. Athens ndiye anali mtsogoleri. Anthu a pa cilumba ca Naxos atafuna kutuluka m'mgwirizanowo, Athens anawazinga ndi ngalawa zankhondo n'kuwakakamiza kubwerera. Mu 454 B.C. thumba linasamutsidwa kupita ku Athens. Zopereka za abale zinasanduka msonkho. Tikudziwa mayina a mizinda yokhoma msonkhowo cifukwa gawo limene linkapita kwa mulungu wamkazi Athena linkalembedwa pa mwala caka ndi caka.

Patapita zaka pafupifupi 300, mu 166 B.C., Aroma analamula kuti pa doko la Delos pasamakhomedwe msonkho wa katundu. Amalonda anakhamukirako. Malonda aakulu anali a anthu. Wolemba wina wakale, Strabo, ananena kuti pa Delos pankatha kugulitsidwa akapolo 10,000 tsiku limodzi. Akatswiri ambiri amati anakokomeza, koma onse amavomera kuti unali msika waukulu wa akapolo. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Niassa ndi mtsinje wa Zambezi tikudziwa tanthauzo la msika wotere, cifukwa makolo athu anamangidwa magoli kupita kugombe. Amalonda olemera a pa Delos anasiya mayina awo pa zipilala, ndipo alendo amawawerenga. Unyinji wa anthu ogulitsidwa pamenepo unapita wopanda dzina.

Phale la voti

Ulendo umathera ku Athens. Pakati pa mzinda pali thanthwe lalitali lochedwa Acropolis, ndipo pamwamba pake pali kacisi wa Athena wochedwa Parthenon. Anamangidwa ndi mwala woyera kuyambira mu 447 mpaka 432 B.C., m'nthawi ya mtsogoleri Pericles. Adani a Pericles ankamunena kuti akukongoletsa mzinda wake ndi ndalama za zilumba. Alendo okwera thanthweli ndi oculuka kwambiri, moti mu 2023 boma linaika malire a anthu 20,000 patsiku.

Zosema zambiri za kacisiyu sizili ku Athens. Kuyambira mu 1801, pamene Greece anali m'manja mwa Aturuki, kazembe wa Britain, Lord Elgin, anazicotsa n'kuzitumiza kwawo. Mu 1816 boma la Britain linazigula n'kuziika mu British Museum ku London. Elgin ankati anali ndi cikalata ca cilolezo, koma cimene cilipo ndi pepala lomasuliridwa m'Citaliyana. Agiriki anatsegula nyumba yatsopano yosungiramo zakale pafupi ndi Acropolis mu 2009, ndipo akhala akupempha kuti zosemazo zibwerere kwawo.

Anthu a ku Athens ankalemba pa miyala ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka pa nchito za boma, kuti nzika aliyense aone. Pa kacisi wina wa pa Acropolis, Erechtheion, mwala wa ca m'ma 408 B.C. umachula amisiri mmodzimmodzi ndi malipiro awo. Nzika, mlendo ndi kapolo ankasema mzati umodzi, ndipo malipiro a tsiku anali ofanana, ndalama imodzi yochedwa drakima. Koma kapolo anali katundu wa mbuye wake, conco phindu la thukuta lake linali la mbuyeyo.

Mawu akuti demokalase ndi a Cigiriki. Demos ndi anthu, kratos ndi mphamvu. Ulamuliro umenewu unayamba ku Athens ca m'ma 508 B.C. Nzika zinkasonkhana pa kaphiri kochedwa Pnyx n'kumagamula nkhani za mzinda pokweza manja. Akazi, akapolo ndi obwera sankaloledwa, ngakhale kuti pamodzi anali oculuka kuposa amuna oponya voti.

Kunsi kwa Acropolis kuli Agora, bwalo la msika ndi milandu. M'nyumba yosungiramo zakale ya pamenepo, woperekeza alendo amaimitsa gulu lake pa kabati ya galasi yodzaza ndi mapale a mbiya zosweka. Pa phale lililonse pali dzina la munthu. Kamodzi pacaka, anthu a ku Athens ankatha kucotsa mumzinda mtsogoleri amene ankaopa kuti akula mphamvu. Nzika aliyense ankatola phale n'kukandapo dzina. Mapale akakwana 6,000, munthu wochulidwa koposa ankacoka kwa zaka 10, koma katundu wake sankalandidwa. Mapale otere opitirira 10,000 apezeka ku Athens. Ena ndi olembedwa bwino. Ena zilembo zake n'zokhota, zina zosowa, monga za munthu amene wangoyamba kumene. Koma voti yake inawerengedwa.

Wolemba wina, Plutarch, anasimba nkhani ya Aristides, mtsogoleri amene anacotsedwa mu 482 B.C. Pa tsiku la voti, mlimi wina wosadziwa kulemba anapereka phale lake kwa munthu amene anaima pafupi naye, namupempha kuti amulembere dzina la Aristides. Sanadziwe kuti akulankhula ndi mwini dzina. Aristides anamufunsa cimene munthuyo anamulakwira. Mlimi anayankha kuti palibe, koma watopa kumva aliyense akumuchula wolungama. Aristides analemba dzina lake lomwe n'kumubwezera phale. Nkhaniyi amaisimba potamanda Aristides. Ife tiganizire za mlimi uja. Akanakumana ndi munthu wacinyengo, akanaponya dzina lina iye osadziwa.

Pali umboni wina woposa nkhani yapakamwa. Mu 1937 ofukula zakale anatsegula citsime cakale kumpoto kwa Acropolis. Anapezamo mapale pafupifupi 190, onse olembedwa dzina limodzi, Themistocles. Uyu ndi mtsogoleri amene anakopa anthu a ku Athens kuti apange ngalawa zankhondo ndi siliva wa m'migodi ya Laurion, ndipo ngalawazo zinagonjetsa Aperezi pa Salamis mu 480 B.C. Akatswiri atayang'anitsitsa mapalewo, anapeza kuti analembedwa ndi anthu 14 okha. Anthu ocepa anakhala pansi n'kukonzeratu mavoti oti agawire anzawo. Ca m'ma 471 B.C. Themistocles anacotsedwa mumzinda umene anaupulumutsa.

Phunziro lathu

Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, pa anthu khumi alionse asanu ndi anayi sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ulamuliro wa atsamunda unali ndi alembi ake monga mfumu ya ku Knossos. Iwo ankalemba msonkho, thonje ndi mayina a otengedwa cibalo, ndipo wolembedwayo ankangodinda cala. Mu 1978 boma linayambitsa nchito yophunzitsa akuluakulu kulemba m'dziko lonse. Nchitoyo sinathe, ndipo n'cifukwa cake tikukumana madzulo pambuyo pa nchito ya kumunda.

Ena amati akula, mutu wauma, dzanja lazolowera khasu. Kumbukirani mapale okhota a pa Agora. Amene anawalemba anali alimi, oumba mbiya ndi opalasa ngalawa. Zilembo zimene tikuphunzira sizifika 30. Wodziwa zilembozi amawerenga yekha kulemera kwa fodya kapena cimanga cake pa sikelo ndi pa pepala la wogula. Amawerenga cikalata ca munda asanasaine. Amawerenga muyeso wa mankhwala a mwana. Pa tsiku la cisankho amadziwa cimene dzanja lake lacita. Ndipo amene waphunzira aphunzitse mkazi wake, mwamuna wake ndi mnansi wake, kuti nzeruyi isakhale ya anthu 30 okha m'mudzi mwathu.

Mafunso okambirana

1. N'cifukwa ciyani Agiriki anaiwala kulemba nyumba zacifumu zitapsa?
2. Kodi Agiriki anawonjeza ciyani pa zilembo za Afoinike? Lembani mawu atatu a Cinyanja amene angasokonezeke mutacotsa zilembo za liwu.
3. Lamulo lolembedwa pabwalo limathandiza bwanji munthu wosauka? Nanga limamuthandiza ngati sadziwa kuwerenga?
4. Mapale 190 a m'citsime analembedwa ndi anthu 14. Kodi zotere zingacitike m'mudzi mwathu, m'kagulu ka alimi kapena pamsika? Tingazipewe bwanji?
5. Tolani phale kapena kamwala kosalala. Lembanipo dzina lanu ndi la mudzi wanu.